Buleka Wamkulu pa Waya Wowonda

Chaka chimene magetsi anafika pamsika wathu, kufupi ndi Kaphuka, ndinasiya ukalipentala n'kugula makina owotcherera zitsulo. Ntchito inalipo yambiri. Ngolo za alimi a mbatatesi zinkathyoka m'misewu yamiyala, ndipo aliyense ankafuna chitseko chachitsulo.

Chondisowetsa mtendere chinali buleka, kachipangizo kamene kamadula magetsi akachuluka. Ndikangoyamba kuwotcherera chitsulo chokhuthala, magetsi thi! Tsiku lina ndinatopa nazo. Ndinapita kuboma, ndinagula buleka wamkulu n'kumuika ndekha. Sanagwenso, ndipo ndinadziyesa katswiri.

Shopu yanga inagundana khoma ndi ya atelala, bambo wachikulire wachisilamu wosakonda zolankhulalankhula. Mwezi wa Juni, mphepo ya kuphiri ikuluma, ndinawapeza atasuntha mpando n'kutsamira khomalo.

"Achimwene," anatero, "khoma lanuli likumafunda bwino masana. Mwaikamo chiyani?"

Ndinaseka, koma nditaligwira kuseka kunatha. Waya wa makina anga ankadutsa momwemo, ndipo kumbali ya atelala kunali mulu wa nsalu za yunifolomu ya ana asukulu.

Ndinaitana mlamu wanga, mng'ono wake wa mkazi wanga, amene anaphunzira zamagetsi. Atafika sanayambe n'kundidzudzula. Anagwada kuseri kwa makina, napukuta fumbi pakachitsulo kolembedwa, kamene ine ndinali ndisanakawerengepo.

"Alamu, buleka uja sankakuvutitsani, ankalondera waya," anatero. "Malamulo a zamagetsi amalola buleka wokulirapo pa makina ngati awa, poti amakoka magetsi mwamphamvu kenako n'kupuma. Koma ali ndi polekezera, ndipo waya ayenera kunenepa molingana ndi zalembedwa apazi. Inu mwangochotsa mlonda, waya n'kumusiya wowonda yemweyo."

Atasolola wayayo m'paipi ya m'khomamo, pulasitiki wake ankayoyoka ngati khungwa louma.

Shopu inatsekedwa masiku anayi. Mlimi wina anakwiya, nakoka ngolo yake kupita nayo kwina, ndipo sanabwerenso. Zimenezo sizinandiwawe kwambiri. Chovuta chinali kukauza atelala. Mkazi wanga anati ndingokonza mwakachetechete, koma mtima unakana.

Ndinawapeza akusoka. Ndinafotokoza zonse, kuti ndinasintha buleka ndekha, kuti nsalu zawo zikanatha kupsa, mwinanso iwo ali momwemo. Anamaliza msoko, nadula ulusi ndi mano.

"Mukanabisa ndikanadziwira kuti?" anafunsa. "Nanga waya watsopanoyo adutsa pati?"

Ndinati adutsa kunja, m'paipi, pamwamba pa khomo lawo, ngati angalole.

M'mawa mwake atelala sanatsegule shopu yawo. Mlamu wanga ali pamwamba kukhoma paipi, atelala ndiwo anagwira makwerero, ine ndikungopatsira misomali. Sitinakambenso za nkhaniyi, ngakhale tinakhala moyandikana zaka zambiri. Mpaka lero sindidziwa ngati anandikhululukira tsiku lomwelo kapena pang'onopang'ono.