Ndevu za Chimanga Zochokera ku Spain

Ofesi yathu ya ku Upper Hill mu mzinda wa Nairobi itanditumiza kumsonkhano ku Spain, okonza msonkhanowo anatitengera kukatauni kena ka zigayo zakale zoyendera mphepo, zondandalikana pamwamba pa phiri. Kumeneko amalima safironi, timaulusi tofiira ta m'maluwa tokometsera mpunga. Ndinagulira kabotolo Mayi Mbewe, Mmalawi mnzanga wa ku South C amene ankandisungira ana.

Nditafika ku Nairobi ndinakayang'anitsitsa kabotoloko. Timaulusito sitinkadzaza ndi supuni yomwe. Munthu wakwera ndege, n'kukapereka kameneka? Ndinapita kwa wootcha chimanga pa Madaraka, ndinatola ndevu za chimanga zofiirira, ndinaziyanika, n'kudzazira kabotolo kaja.

Nditawapatsa, Lamlungu lotsatira mayiwo anaphika mpunga wothira timaulusi tija, naitana Amalawi onse a kutchalitchi.

"Amake Chisomo," anandiitana akutafuna, "azunguwa ndi anthu ngati ife ndithu. Zokometsera zawo zikununkhira ngati kumunda kwathu ku Dedza!"

Onse anavomereza, bambo wina mpaka anati akumva fungo la ku Ulaya. Ine ndinangowonjezera mpunga m'mbale.

Mpaka lero, akangomva kuti ndili pa ulendo, amandiuza kuti, "Musaiwale tija." Sindinaiwalepo, ngakhale ku Spain sindinabwerereko.