Makalata a kwa Lita

Ndikukumbukira tsiku limene amayi anandiveka diresi ya ku tchalitchi pakati pa sabata. Ndinali mu Sitandade 7 ku Nguludi, ndipo ababa anali atatha chaka ku Joni, akugwira ntchito pa famu ya mphesa. Ankaimba mwa apo ndi apo pa golosale ina ya pamsika, pomwe panali telefoni ya mudzi wonse. Ulendo wina anauza amayi kuti kuimba n'kodula, ndipo anzawo awaonetsa njira ina yotchedwa imelo. Anati tikatsegule yathu, iwo azitilembera mwezi uliwonse akapita m'tauni.

Amayi sukulu sanaipondeko, koma mawu a amuna awo ankawalandira ndi manja awiri. Anafunsa akatekisi, akatekisi anafunsa aphunzitsi, mpaka zinamveka kuti zinthuzo zimapezeka ku Limbe. Tinakwera minibasi, ine nditakhala pa thumba la kabichi. Njira yonse ndinkaganiza kuti imelo ndi kabokosi kachitsulo ngati ka ku positi, ndipo ndinali nditakonza kale chingwe choti ndizikolowekapo kiyi wake m'khosi.

Tinakathera m'kachipinda kopanikiza kuseri kwa sitolo ya nsalu. Munali makompyuta atatu, fani yolira ngati chigayo, ndi fungo la fumbi lotentha losakanikirana ndi la zitumbuwa zimene ankakazinga panja. Mwini wake anali mayi wachisilamu, Abiti Mussa, wa mpango wobiriwira. Zala zawo zinkathamanga pa mabatani iwo osayang'anako n'komwe, ine pakamwa pali yasa.

"Tilembe dzina la mwanayu, poti ndiye wa sukulu. Ndani dzina lake?" anafunsa.

"Lita," anayankha amayi ndisanameze n'komwe malovu.

Abiti Mussa analemba, n'kuwonjezera manambala awiri kumapeto. Atanena kuti pakufunikanso mawu achinsinsi, amayi anayang'ana uku ndi uku, anawerama, n'kuwanong'oneza m'khutu dzina la mbuzi yathu. Bambo wina amene anali pa kompyuta yapafupi anaseka mpaka kutsokomola. Adiresi anatilembera pa kapepala, amayi n'kukamanga pansonga ya chitenje. Kiyi sanatipatse, ndipo ndinakhumudwa kwambiri.

Lamulungu lotsatira ababa anaimba kuti atenge adiresiyo. Telefoni inkachita phokoso ngati mvula pa malata. Ndinawerenga kapepala kaja mokweza, ndipo nditati ndiyambe kutchula chilembo chimodzichimodzi, iwo anaseka. "Iwe, dzina ndinakupatsa ndekha, lero undiphunzitse kalembedwe kake? Tangonena manambalawo." Ndinanena manambala. Aka kanali komaliza kumva mawu awo.

Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi linali la ku Limbe. Amayi ankamasula kapepala, Abiti Mussa n'kutayipa, ife titaima kumbuyo kwawo. Ine kompyutayo sindinaikhudzepo ngakhale kamodzi, ndinkaopa kuti indigwira ndi magetsi. Ulendo woyamba munali uthenga umodzi, amayi n'kuomba m'manja. Abiti Mussa anafotokoza kuti anali makinawo akutilandira m'Chingerezi. "Zikomo, akhale ndi moyo," anatero amayi. Pobwerera anandigulira chinangwa chootcha, tikuseka kuti abambo ake Lita ayenera kuti akulemba ndi chala chimodzi.

Mwezi wachiwiri munalibe kanthu. Wachitatu chimodzimodzi. Ku golosale nakonso telefoni sinatiitanenso. Kumjigo amayi anzawo anayamba kulankhula mokuluwika, kuti Joni ndi mtsinje wakuya, ukameza mwamuna subweza ngakhale chipewa. Ena ankanena poyera kuti wapeza mkazi wina woyera manja. Amayi ankangosenza ndowa yawo, koma ndinkaona kuti kuseka kwa mu minibasi kwatha. Mwezi wachisanu ndi chimodzi Abiti Mussa anapukusa mutu asanatembenuke n'komwe. Amayi anamanga kapepala kawo bwinobwino nati, "Tiye, mwanangu. Akatifuna njira akuidziwa." Sitinapitenso.

Ndinene zoona, ababa ndinawada. Ndinkawakonda kwambiri, n'chifukwa chake ndinawada ndi mtima wonse. Anzanga akafunsa ndinkati ndilibe bambo. Ndili mu Fomu 1, munthu wina wa ku Ndunde amene ankagwira nawo ntchito anafika ndi sutikesi ndi uthenga wakuti ababa anadwala chifuwa, anamwalira, ndipo anaikidwa komweko. Maliro tinalira monga mwa mwambo. Zovala anagawana achibale. Sutikesiyo amayi anaikankhira pansi pa bedi n'kumasungiramo mbewu ya nyemba, ndipo dzina la ababa linasiya kutchulidwa pakhomo pathu.

Chaka chatha ndinapita kumudzi kukathandiza amayi kusankha mbewu. Chiswe chinali chitadya nsalu ya m'kati mwa chivundikiro cha sutikesi ija, ndipo nditaikutumula munagwa envelopu. Munali mapepala asanu ndi awiri otayipidwa, achikasu ndi ukalamba. Anali makalata a ababa. Zikuoneka kuti iwo makinawo sankawakhulupirira kwenikweni, moti akatumiza kalata ankapempha kuti awasindikizirenso papepala. Pamwamba pa lililonse panali adiresi: dzina langa, Rita, ndi manambala awiri.

Mutu unaima. Imelo yoyamba ija ndinali nditaiiwaliratu, popeza ndatsegulapo zina zitatu chichokereni. Imene inali pa mapepalawo inkaoneka yolondola, chifukwa pa khadi la ubatizo, pa satifiketi ndi pa chitupa ndine Rita. Nanga makalatawo ankalowera kuti? Ndinafunsa amayi ngati kapepala ka ku Limbe kaja kanatayika. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chitini chosungiramo makhadi a ubatizo, ndipo pansi penipeni panali kapepalako, kopindidwa kanayi.

Ndinakayala pambali pa kalata ya ababa. Manambala anali omwewo. Koma Abiti Mussa analemba zimene khutu linamva, "lita". Ababa analemba zimene ankadziwa, "rita".

Kwathu kuno L ndi R ndi mapasa. Wina amati Chiradzulu, wina Chiladzulu, phiri n'lomwelo ndipo minibasi sisochera. Palibe anatiuza kuti kompyuta siidziwa chibale chimenechi. Mwina makalatawo ankabwerera ndi uthenga wa Chingerezi umene palibe anawamasulira. Mwina ankafika kwa Rita wina kutsidya la nyanja, amene mpaka lero sadziwa chifukwa chake munthu wachilendo ankamufunsa za mbuzi.

Ndinawawerengera amayi pakhonde, nyemba zili mbwee pa mphasa. Ababa ankafunsa ngati mbuzi yaswa, ngati denga likudonthabe, ngati ndikulimbikira masamu. Ankadandaula za kuzizira kumene kunkang'amba manja. Anati asamukira ku famu ina yakutali kopanda telefoni, ndiye tizingolemberana. Pofika kalata yachinayi nthabwala zinali zitatha. Yomaliza inali yaifupi: "Amake Rita, ndalemba kambirimbiri koma kuli zii. Ngati ndinakulakwirani ndiuzeni. Ine ndikudikira."

Ndinalira ngati mwana, ndipo manyazi anandigwira pokumbukira pakamwa panga paja ponena kuti ndilibe bambo. Amayi ankangotola nyemba zofumbwa imodziimodzi n'kumaponya pabwalo.

Masiku ano zinthu n'zosavuta. Ana anga amangodina foni n'kulankhula, agogo awo n'kumva mawu nthawi yomweyo, kaya lilime lagunda L kaya R. Munthu akakhala chete masiku awiri timamuimbira n'kumukalipira, nkhani n'kutha. Kachipinda ka Abiti Mussa pano amagulitsiramo mafoni. Komabe ndimalakalaka Maloweruka aja, ndili pa thumba la kabichi pafupi ndi amayi, tonse tikukhulupirira kuti lero ndiye lero.

Tsiku la makalata lija, dzuwa litapendeka, amayi anapukuta manja pa chitenje n'kuloza foni yanga.

"Iwe Lita, uwayankhe."

"Amayi, ndiwayankhira kuti?"

"Komwe ankalemberako. Uwauze kuti tinkabwera. Mwezi ndi mwezi tinkabwera."

Ndinalemba mawu awo momwe anawanenera, osasintha kanthu, n'kutumiza ku adiresi ya R ija.