Lipenga la Kampani

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinasankha molakwa. Tinkakhala m'malayini a esiteti ya tiyi kufupi ndi Chinakanaka. Kampani inali ndi bandi yoimba pa Khirisimasi ndi pa maliro a makapitawo. Lipenga lalikulu, lija amati tuba, ankaliza a Likaka, mlonda wa kufakitale. Likalira, m'mimba munkanjenjemera. Nyimbo za Chilomwe zimene mayi awo ankaimba posinja ku Mozambiki, iwo anaziika m'lipengamo. Panalibe wina wozidziwa.

Ankandiphunzitsa Lamulungu masana, kuseri kwa nyumba yosungiramo feteleza. Pakamwa pa lipenga pankanunkha dzimbiri ndi fodya. Milomo inatupa, koma ndinkatha. Sindikudzitama. Ndinkatha.

Chaka chomwecho aphunzitsi athu anandiuza kuti ku mishoni ina ku Blantyre akufuna anyamata awiri okaphunzira kulemba nyimbo papepala. Tuba kunalibe, kunali limba lokha. Malume, amene anali ndi mawu pa za ine, anangoti, "Sankha wekha, udzalire wekha."

Ndinapita kwa a Likaka kukafunsa nzeru.

"Pepala?" anatero akuseka mpaka kutsokomola. "Pepala limalira? Ukaliika pakamwa limatulutsa mawu? Pita, mphwanga, ukabwere uli kalaliki wa nyimbo."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinatsala. Kunapita mnyamata wina wa ku Chonde amene sankatha n'kuimba mluzu komwe.

Patapita zaka ziwiri esiteti inagulidwa ndi ena. Eni atsopanowo bandi sanaifune. M'mawa wina kunabwera lole, malipenga onse n'kukwezedwa. A Likaka anathamangira loleyo ali ndi yunifolomu yaulonda.

"Limenelo ndi langa! Zaka zonsezi ndalipukuta ndine!"

Kapitawo anawayang'ana n'kuti, "Lanu, madala? Nyumba mukugonayo ndi yanu?"

A Likaka anamwalira dzinja lotsatira, ndi chifuwa. Kumanda, bokosi lisanatsike, akazi awo anandigwira dzanja. "Mwana iwe, taimba ija ya kusinja. Ankaikonda."

Ndinaimirira pamaso pa anthu onse. Ndinayamba ndi pakamwa, mzere woyamba unatuluka. Wachiwiri unakana. Zala zanga zinkafuna mabatani a lipenga, ndipo popanda chitsulocho nyimbo sinabwere. Ndinayesa katatu. Anthu anayang'ana pansi. Kenako abusa anayambitsa ya m'buku, dothi n'kuyamba kugwa.

Ndinathyola tiyi moyo wanga wonse. Pa nyimbo za a Likaka, lero ndatsala ndi mzere umodzi.

Mwezi watha mdzukulu wanga Esinati anandiimbira foni. Anamaliza digiri ya zoimba, ndipo chida chimene amaimba ndi tuba. Sukulu ziwiri zakunja zamuitana kuti akapitirize maphunziro. Kwina kuli katswiri wotchuka woliza lipengalo. Kwina amaphunzitsa kuliza pang'ono, koma kwambiri kufufuza nyimbo ndi kuzilemba.

"Anganga, ndipite kuti?"

"Lipenga ukulizalo ndi lako?"

"Ayi, ndi la sukulu."

"Pita kumene amalemba."

Anati ndine wachikale, sindidziwa za mayunivesite. N'zoona, ndinalekeza pulayimale. Koma ichi ndikuchidziwa: a Likaka ankandikonda, ndipo anandiphunzitsa bwino, koma anandisungira chuma m'nkhokwe ya mwini. Luso lokhala m'chitsulo cha kampani limakwera lole tsiku limene kampani yafuna. Kaya Esinati andimvera kaya ayi, ndi zake. Ine ndinalira kale.