Kamleme ka Jakisoni pa Kabwandire

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha zala. Nditamaliza sukulu ndinachoka kwathu ku Chikomeni kukakhala kwa azakhali pa boma la Lundazi, ndipo masana ndinkaluka anthu tsitsi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika. Mwini sitoloyo anali Amai Sakala, mayi wa ku Chipata wolankhula mothamanga ngati akuthawa mvula. Tsiku lina anaima n'kumandiyang'ana ndikuluka, kenaka anati, "Iwe Tiwonge, tuzala twako utu tuli na nzelu. Bwela mailo, nili na nchito ya tunthu tung'ono." M'mawa mwake ndinafika sitolo isanatsegulidwe.

Tinthu taketo tinali zidole zomanga ndi tinjerwa ta pulasitiki, timene timalumana ukatikanikiza. M'kapaketi kalikonse munkakhala tinjerwa ta kanyama kamodzi, ndipo tinyama tonse tinali ta ntchito za kuchipatala. Panali njovu yovala chipewa cha unamwino, mkango wokoleka m'khosi chomvera pachifuwa, ng'ona yozula mano, ndi kamba woyendetsa ambulansi. Kamba, inu, pa zinyama zonse! Ndinkaseka ndekha kuti wodwala wake angafike maliro atatha. Kapaketi kanali kosaonekera m'kati, choncho wogula sankadziwa chimene wapata mpaka atang'amba. Ndiye kukoma kwake, chifukwa aliyense ankafuna kukwaniritsa gulu lonse. Ana a aphunzitsi ndi a anamwino ankasinthana pakhomo pathu pomwepo, ndipo panali bambo wina wa tayi amene ankati akugulira mwana, chonsecho boma lonse linkadziwa kuti sanakwatire.

Kosowa kwambiri kanali kamleme. Kanali kakuda, kotambasula mapiko, dzanja lina katagwira jakisoni, lina kathumba ka magazi kopangidwa ndi kanjerwa kofiira koonekera m'kati. Amai Sakala anati kameneka ndi ka ntchito yotenga magazi kwa anthu opereka mwaufulu. Pa boma, mwana akang'amba paketi n'kupeza kamleme ankakuwa ndi chimwemwe.

Ntchito yanga inali kumanga zidole zoonetsera. Ndinkayala nsalu yoyera patebulo kuti kanjerwa kasagubuduke, n'kutsatira kapepala ka zithunzi, kuyambira kumiyendo kukwera kumutu. Ukalakwitsa, sumakoka ndi zikhadabo. Pali kachipangizo konga kampeni kobuntha kamene tinkati kokanulira, umakalowetsa pampata n'kutsindira pansi, tinjerwa n'kulekana. Tsiku loyamba ndinaluma ndi mano, Amai Sakala n'kundimenya padzanja. "Osaluma! Mano yasiya mabala, chidole cha mabala palibe ogula." Fumbi ndinkachotsa ndi mswachi wouma. Tinjerwa totsala ndinkatisankha m'zitini za majarini malinga ndi mtundu. Paketi ikang'ambika panjira ndinkaimata ndi kandulo: umapinda pulasitiki pa kachitsulo ka sowo n'kukadutsitsa pamoto mwachangu. Lamulo lalikulu linali losagulitsa kwa mwana amene akadali woika zinthu m'kamwa.

Anthu atagulitsa fodya ndi mtedza, Amai Sakala anayamba kundituma ku kabwandire, msika uja woyendayenda umene umachitika kumidzi pa tsiku lake. Ndinkakwera galimoto ya kanta pamodzi ndi ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, kulowera njira ya ku Mwase, katoni ili pamiyendo. Nyengo imeneyo kunkamveka mphekesera za anamapopa, anthu amene amati amayenda ndi zida zopopera magazi a anzawo ali mtulo. Ndinauzako Amai Sakala kuti mtima wanga sukukhazikika. Iwo anati, "Ni nkhani chabe izo. Iwe ugulisa vidole, suli dokota." Maulendo oyamba anayenda bwino ndithu. Ndikukumbuka mayi wina wamtali wa duku lobiriwira amene anagulira paketi kamtsikana kake, kamwana ka msinkhu woyamba sukulu, koseka ndi mano achiwiri otuluka kumene. Anapita nayo kwawo osang'amba, ine n'kuiwala.

Ulendo wotsatira ndinayala chitenje changa pansi pa mtengo wa mango, n'kundandalika njovu, mkango ndi kamba. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Ndinangoona mthunzi wagwera pa zidole zanga. Nditakweza maso ndinaona mayi wa duku lobiriwira uja, maso ali psuu, m'manja atagwira kamleme komangidwa bwinobwino. Kumbuyo kwake kunali mwamuna wake ndi nkhwangwa paphewa.

"Monire, mama," ndinatero.

Sanayankhe moni. Anakuwa m'Chitumbuka, "Ndiwe ukaniguliska kanthu aka! Mwana wane wakugona nako, sono ku kiliniki ŵakuti walije ndopa. Ndopa zaluta nkhu?"

Ndopa ndiwo magazi. Ankanena kuti mwana wake ankagona ndi chidolecho, wadwala, ndipo kukiliniki amuuza kuti magazi amuthera. Anakweza kamleme m'mwamba kuti aliyense aone. Dzuwa linawomba pa kathumba kofiira kaja, kakuwala ngati muli magazi enieni. Ine amene ndinkakapukuta ndi mswachi masiku onse, tsiku limenelo ndinakaona ndi maso a anthu aja: mleme, jakisoni, magazi, kobwera ndi mlendo m'paketi yotseka.

Chakudza sichiimba ng'oma. Sindikudziwa kuti anthu onse aja anachokera kuti, koma posakhalitsa sindinkaonanso msewu. Wina anakuwa kuti, "Namapopa!" ndipo liwulo linayenda msika wonse. Ndinayesa kulongosola kuti ndi pulasitiki, kuti nditha kukaphwasula aone. Nditatulutsa kokanulira m'thumba, anthu anafutuka m'mbuyo, wina n'kunena kuti, "Onani, watulusa chida chake!" Anandimenya ndi chibonga padzanja. Wina anataya katoni, mapaketi n'kumwazika, anthu akudumpha kuopa kuwaponda. Ogulitsa salaula amene ndinakwera nawo kanta anayang'ana kumbali ngati sanandionepo. Sindiwada, nawonso anali alendo.

Mwala woyamba unandipeza pamlomo. Ndinagwa chogwada, ndikumva mchere m'kamwa. Kumbuyo kwa gulu ndinamva mnyamata akufunsa kuti ndani ali ndi petulo m'njinga yake yamoto. Ndinadzikodzera pomwepo, ndipo sindichita manyazi kunena. Pemphero lonse limene ndinaphunzira kutchalitchi linathawa m'mutu, ndinkangoti amama, amama, amama.

Amene anandipulumutsa ndi mayi yemwe uja. Anadzaima pakati pa ine ndi gulu, manja atatambasula. "Lekani! Para mwamukoma, ni njani wawezgenge ndopa za mwana wane?" Ankafunsa kuti akandipha, adzabweza magazi a mwana wake ndani. Anthu anatsitsa miyala, chifukwa m'maganizo awo funsolo linali lanzeru. Mayiyo anandigwira bulauzi pakhosi n'kundiimiritsa. "Wezga," anatero. Bweza.

Apa ndi pamene ndinavomera mlandu umene sindinapalamule. Ndikanakana, miyala ikanayambiranso. Ndinati, "Nizabweza, mama. Koma kuno siningakwanise. Vobwezela vili ku chipatala ku boma. Tiyeni na mwana manje manje." Ndinangolankhula kuti ndichoke pamalopo, sindinali ndi nzeru ina iliyonse. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kukiliniki anali atawauza kale kuti athamangire ku boma, koma abale ankazengereza poopa kuti kumeneko ndiye akamutsiriza magazi otsalawo.

Anakamutenga mwana kumudzi atamukulunga m'chitenje, dalaivala wa kanta n'kulola kubwerera msika usanathe. Anandikhazika pakona, bambo wa mwana ali pambali panga, nkhwangwa itagona pamaondo. Dzina la mwanayo linali Lusungu. Dzanja lake linkalendewera kunja kwa chitenje, chikhatho chili mbee ngati ufa. Ankapuma mofulumira, osalira. Galimoto ikagunda bampu mutu wake unkagwera kumbali, ine n'kumuyang'anitsitsa mpaka nditaona chifuwa chake chikukweranso. Ndinkadziwa kuti mwanayu akatsirizika panjira, ine sindikafika ku boma.

Tinafika akupumabe. Namwino wina wachikulire anamulandira, n'kumutsegula chikope, n'kuitana anzake mwachangu. Atamuyeza anati ndi malungo aakulu, ndiwo amutha magazi. Bambo aja anandikankhira kutsogolo. "Tabwela naye wamene anatenga. Abweze."

Namwinoyo anayang'ana mlomo wanga wotupa ndi bulauzi yong'ambika, ndipo ndinaona kuti wamvetsa zonse. Sanatsutsane nawo, nthawi inalibe. Anati mwana amupatsa magazi amene ali kale m'chipatala, koma pafunika anthu opereka ena kuti wodwala wa mawa adzapezenso. Abale amene anabwera nafe anayang'ana pansi, wina n'kubisa mikono m'jekete. Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine.

Namwino anandikokera m'kachipinda n'kutseka chitseko. "Mwana wanga, palibe okukakamiza. Ukafuna nikutulusila kumbuyo, niitane apolisi." Ndinaganiza. Anthu aja ankadziwa sitolo ya Amai Sakala, dzina lake linali pakatoni. Ndikanathawa ndiye kuti ndatsimikiza kuti ndine namapopa, ndipo akanandisaka. Komanso chikhatho choyera chija chinkangobwera m'maso mwanga. Ndinati ndipereka.

Ine ndi jakisoni sitinamvanepo chibadwire. Anandiyeza pa sikelo, n'kundibaya kuchala kuona ngati ndili ndi magazi okwanira, n'kundifunsa mafunso ambirimbiri a matenda. Kenaka anandigoneka pabedi, n'kumanga lamba pamkono, n'kundipatsa kampira koti ndizifinya. Singano yake inali yonenepa, ndinatseka maso. Nditatsegula ndinaona thumba likudzaza pang'onopang'ono, ndipo pawindo panali nkhope ya bambo a Lusungu, akuyang'anitsitsa kuti ndisawabere. Thumba litadzaza anagwedeza mutu n'kuchokapo. Namwino anandipatsa chakumwa chotsekemera, ine kulira ngati mwana.

Lusungu anachira. Magazi amene anamuika sanali angawo, anga anayenera kukayezedwa kaye, koma makolo ake sanafune kumva zimenezo. Amai Sakala anafika kuchipatala atapsa mtima, akuti nkhani ipite kupolisi. Ndinawapempha kuti aileke, sindinkafuna kuonanso nkhope za gulu lija, ngakhale m'khoti. Kwa nthawi yaitali ndinkadzidzimuka ndikamva anthu akukuwa mumsika, ngakhale atakhala kuti akuthamangitsa mbuzi. Ku kabwandire sindinapitenso. Ndinagwirabe ntchito m'sitolo muja mpaka pamene ndinatsegula kabenchi kangakanga.

Zidole za tinjerwa ndimagulitsabe, ndipo ndimazikonda. Koma chimene ndinaphunzira ndi ichi: katundu amalankhula, ndipo salankhula chinenero chimodzi paliponse. Amene anapanga kamleme kaja ankaona nthabwala, ana a pa boma ankaona mphoto, mayi wa mwana wodwala anaona mfiti. Safunsa anadya phula. Masiku ano munthu wakumudzi akagula, ndimamupempha kuti ting'ambe paketi pomwepo, timange limodzi, aone ndi maso ake kuti kanjerwa kofiira ndi kouma m'kati. Akakaikira ndimamusinthira ndi njovu, osafunsa chifukwa.

Patapita miyezi, ndili pabenchi langa mumsika wa Lundazi, ndinaona mayi wa duku lobiriwira uja akubwera molunjika kwa ine. Kumbuyo kwake kunali Lusungu, atanenepa masaya, akudya chinangwa. Mayiyo anatula kathumba ka mtedza pamapazi anga, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Yewo, mama," anatero. "Mukawezga zose."

Ankandithokoza kuti ndinabweza onse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti sindinatengepo ngakhale dontho, kuti anali malungo. Ndinayang'ana mwana uja, wamoyo chifukwa mayi ake anakhulupirira bodza langa n'kukwera kanta. Ndinawomba m'manja nanenso, n'kulandira mtedzawo.