Mano a biva

Loweruka lina masana, kuparishi yathu ku Tallaght, m'dziko la Ireland, kunali mpikisano wa mafunso. Patebulo pathu tinalipo anayi: ine, bambo mfumu ochokera ku Dedza, ndi amayi awiri achiairishi a m'kwaya. Pofika funso lomaliza, mapointi athu anali ofanana ndi a aphunzitsi opuma ntchito, amene ankapambana chaka chilichonse.

Wofunsa anawerenga kuti, "N'chifukwa chiyani mano a biva amakhala a mtundu wa olenji?"

Biva ndi kanyama ka m'madzi kamene kamagwetsa mitengo ndi mano n'kutseka nayo mtsinje. Ku Ireland kulibe, ndipo tonsefe tinali tisanakaonepo.

Bambo mfumu anandinong'oneza: "Mayi, lembani kuti ndi utomoni wa makungwa."

"Pepani bambo, si utomoni ayi. Ndi ayironi."

"Mukutsimikiza?"

Ndinali ndisanatsutsanepo ndi wansembe chibadwire, koma ndimagwira ntchito yothandiza dokotala wa mano, ndipo zimenezi tinaziphunzira. Ndinawafotokozera kuti ayironiyo, kapena kuti chitsulo cha m'dzinomo, ndiye amalipatsa mtunduwo, ndipo amalimbitsa kutsogolo kwa dzino, kumbuyo n'kumaperepeseka msanga, motero dzinolo limadzinola lokha ngati sompho. Anandiyang'anitsitsa, kenako anandikankhira pepala. Ndinalemba kuti ayironi.

Wofunsa atalengeza kuti yankho ndi ayironi, ndipo talondola ndi ife tokha, ndinangozindikira ndaimirira ndikuimba nthungululu. Holo yonse inacheuka. Amayi a m'kwaya aja anayesa kunditsanzira, mawu n'kuwathawa, tonse kufa nacho chiseko. Bambo mfumu anakalandira chikho, n'kudzachiika m'manja mwanga.

"Chanu ichi, mayi. Ine ndikanatigwetsa ndi utomoni wanga."