Maliro a Kuseri kwa Khoma

Ndikukumbukira khoma la chipinda changa ku Wakefield kuposa china chilichonse cha m'nyumba imene ija. Linali lopyapyala moti munthu akayetsemula kuseri, unkachita kufuna kumufunsa ngati wamwa mankhwala. Tinafika kumeneko ndili ndi zaka khumi, amayi atapeza ntchito ya unamwino pachipatala cha mumzindawo. Nyumba za mumsewu wathu zinali zogundizana, za njerwa zofiira zothimbirira ndi mvula, ndipo eni ake ankapatsana moni wongogwedeza mutu. Amayi, munthu wa ku Kasungu, zimenezi zinkawawawa. Ankati kuno ukhoza kufa Lolemba, aneba n'kudzazindikira Lachisanu.

Kuseri kwa khomalo kunkakhala mtsikana wa ku Nepal, dzina lake Binita. Anandiuza kuti ndiziwatchula kuti Didi, kutanthauza achemwali m'chinenero chakwawo, ndipo ndinakondwa chifukwa kwathu ndinabadwa ndekha. A Didi ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, koma kwawo anali woimba. Ankaimba m'malo odyera mumzinda wa Kathmandu, ndipo nyimbo yawo imodzi, yopeka okha, inamvekapo pawailesi. Kuno anabwera kudzaphunzira, kenako ntchito ya okalambayo inawameza.

Chuma chawo chonse chinali limba laling'ono lamatabwa, looneka ngati kasutikesi. Dzanja limodzi linkapopa mphepo kumbuyo, linalo n'kumayenda pamwamba. Anawapatsa ndi bambo awo, mphunzitsi wa pulayimale kumudzi wina wa kumapiri, amenenso anawaphunzitsa kuliza. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pabedi, msana utatsamira khoma, n'kumadya buledi wa jamu uku ndikumva mmene nyimbo imabadwira. Mzere umodzi ankaubwereza mpaka ine wakuseri kuuloweza, kenako ankautaya n'kuyamba wina. Masiku ena ankandiitana kuti ndiwapopere limbalo. M'chipinda mwawo munkanunkhira lubani ndi tiyi wa jinja, ndipo ndikapopa mofulumira ankandimenya kachala pamphumi akuseka.

M'nyengo yozizira ya chaka chachiwiri, khoma lija linangoti zii. Masabata anadutsa opanda limba, opanda mawu. Tsiku lina ndinakumana nawo kuseri kwa nyumba potaya zinyalala, ataonda, atavala zoyera zokhazokha.

"Limba lija ndikugulitsa, Tadala," anandiuza osandiyang'ana. "Loweruka kubwera bambo wina wa ku Leeds kudzalitenga. Zoimba ndasiya."

Chifukwa chake sananene, ndipo ine ndinaopa kufunsa. Mtima unandipweteka kwambiri. Amayi sabata imeneyo anali pa naiti, masana ankagona ngati chipika, choncho nkhaniyo ndinangokhala nayo ndekha.

Loweruka m'mawa amayi anali atangofika, mapazi ali m'beseni la madzi otentha, kapu ya tiyi ili m'manja. Mwadzidzidzi limba linalira kuseri. Mawu amene anatsatira sanali amene ndinawazolowera. Anali aatali, onjenjemera, okwera mpaka kuthyokera pamwamba, n'kutsikanso ngati munthu watha mpweya. Amayi anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Kwagwa zovuta kuseriku," anatero.

"Ayi amayi, ndi nyimbo chabe. A Didi amaimba."

"Iwe khala chete. Ine ndingalephere kudziwa kulira?"

Anaimbira foni anaBanda, namwino mnzawo wa msewu wakumtunda kwathu, ndipo mawu awo anali ochepa: "Asisi, neba wathu uja zamugwera. Bwerani ndi chitenje." Posakhalitsa azimayi awiri anali ataima pakhomo pathu, zitenje pamwamba pa mathalauzi a yunifolomu, mipango kumutu, majekete okhuthala pamwamba pa zonsezo. M'jumbo anaikamo ufa, shuga, masamba a tiyi ndi mchere, n'kundisenzetsa ine. Makutu ankanditentha ndi manyazi. Ndinkadziwa kuti tikupita kukapepesa munthu amene akungoimba.

Pamaliro sapanga odi. Chitseko anachipeza chosakhoma, popeza mwini nyumba ankadikira wogula uja, ndipo anangokankha, kuvula nsapato, n'kulowa. Anakhala pansi motsamira khoma, miyendo atatambasula, mitu atazolika. A Didi anali pamphasa pakati pa chipinda, maso atatsinzina, zomvera zili m'makutu, akuimbira pa maikolofoni yolumikiza ku kompyuta. Atatsegula maso anadzidzimuka mpaka limba linalira lokha ngati mbuzi.

"Pepani, mwanangu," amayi anatero m'Chingerezi chawo chodekha cha kuchipatala. "Tamva kulira. Watisiya ndani?"

Ine ndinkayembekezera kuti a Didi aseka, kapena akwiya. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kuyang'ananso jumbo ija. Anati palibe amene wamwalira lero, iyi ndi nyimbo chabe imene akujambula kuti atumize kwawo limba lisanapite. Kenako anati nyimboyo ndi ya bambo awo, amene anamwalira masabata angapo m'mbuyomo. Mapepala a Didi okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, akanapita kukaika maliro sakanaloledwa kubwerera. Masiku onse olira anawasunga okha m'chipinda chomwecho monga mwa mwambo wakwawo, kuvala zoyera, kudya zopanda mchere, m'mawa n'kumapita kukasambitsa makolo a anthu ena. Kuyambira pamenepo akagwira limba, mawu sankatuluka.

"Nanga analira nanu ndani?" anafunsa amayi.

"Palibe."

Amayi anayang'ana anaBanda, n'kunena m'Chichewa, "Mwamva? Ndiye kuti maliro sanathe awa." Anavula jekete, kulipinda, n'kukhala bwinobwino ngati munthu amene sachoka msanga.

AnaBanda anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, ija timaimba pokhuza, motsitsa mawu, amayi n'kumavomera. A Didi sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma analira mmene sindinaonerepo munthu wamkulu akulira, mutu uli pamiyendo ya amayi. Misozi itaphwa, amayi anawauza kuti tsopano aimbe yawo ija, mwini maliro aimve. Anayamba mwamantha. Koma kwathu munthu saimba yekha anzake n'kumangomuyang'ana. Pofika pobwereza, anaBanda anali atalowa kale ndi mawu apansi, amayi apakati, akung'ung'udza chabe popeza mawu ake sankawadziwa. Ine anandikodola kuti ndipope limba. Palibe anakumbukira kuti kompyuta ija inali ikujambulabe.

Bambo wa ku Leeds uja anagogoda cha kumasana. Anatsegula ndi amayi, mpango uli kumutu, maso ali psuu ndi tulo komanso misozi. Anamuuza mwaulemu kuti pakhomo pano pali maliro, ndipo pamaliro sagulitsa katundu. Bamboyo anayang'ana nsapato zimene zinali pakhomo, anavula chipewa, anapepesa kangapo, n'kubwerera kugalimoto yake. Sanabwerenso. Masana amenewo anaBanda anaphika, ndipo a Didi anadya nafe pansi, akuseka kuti ndiwo zawawa mchere. Pochoka amayi anamasula chitenje chawo n'kuwafunditsa a Didi.

Khoma linayambanso kuimba. Patapita chaka ndi miyezi, a Didi anabwerera kwawo ndi limba lawo. Nyimbo ya tsiku lija anaitulutsa mmene inalili, ndi kung'ung'udza kwa anamwino awiri otopa kumbuyo kwake, ndipo anthu akwawo okhala kunja anailandira ngati yawoyawo. Zinatsatira zina zambiri, zina zovinika, zina za chikondi, koma zambiri zinali za anthu amene amasamalira makolo a eni m'mayiko akutali. Tinkawaona pafoni ataima pamaso pa chikhamu cha anthu, magetsi akuthwanima. Amayi ankaonetsa aliyense kuwodi, n'kumati, "Mawu akumbuyowo ndi anga. Enawo ndi anaBanda, koma iwo anaphonya pang'ono."

Amayi anatisiya chaka chatha. Zinthu zinasintha masiku ano. Uthenga unayenda pagulu la pafoni, anthu anatumiza mapepeso ndi tizithunzi ta manja opemphera, mwambo unachitika mwadongosolo muholo yobwereka, ndipo Lolemba lotsatira ndinali kuntchito. Sindikudandaula, aliyense ali ndi shifiti yake. Ndimakhala ku Salford tsopano, m'nyumba zosanjikizana za makoma okhuthala, ndipo wokhala khomo loyandikana ndi langa sindimudziwa ngakhale dzina.

Miyezi ingapo itadutsa, a Didi anabwera kudzaimba ku Manchester, ndipo anandipempha keyala. Ndinakonza m'nyumba, ndinagula makeke, poganiza kuti ndikulandira mlendo wotchuka. Nditatsegula chitseko ndinapeza mayi wa imvi zapatalipatali, atamanga chitenje chofwifwa chija mokhotakhota pamwamba pa jinzi, jumbo ili m'manja. Sanandipatse moni. Anavula nsapato, anadutsa sofa, n'kukakhala pansi motsamira khoma, miyendo atatambasula.

"Didi, maliro anatha kalekale," ndinatero.

"Analira nawe ndani m'nyumba muno?"

Ndinafuna kuwauza za holo ija ndi mauthenga a pafoni. Koma ndinangokhala pansi pambali pawo. Iwo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi ija, imene mpaka lero sadziwa mawu ake, ndipo ine ndinavomera pamalo pa amayi. Tinalira mokweza ndithu, nthawi yaitali, koma kuseri kwa khoma sikunabwere munthu. M'jumbo muja munali ufa, shuga, masamba a tiyi ndi mchere.