Therere la Selestina Linafika ku Dubai Lisanafote

Inu amene mwatsala pang'ono kugwa mphwayi, tamvani za Selestina wa ku Kasisi.

Tsiku limene katoni yake ya therere inabwezedwa, anakhala pansi m'dimba n'kulira ngati pamaliro. Mwamuna wake anali atamwalira, ndipo mlamu wake Fabiano ankafuna kugulitsa dimbalo kwa anthu omanga nyumba. Achibale anagwirizana kuti mvula ikadzagwa dimbalo lisanaonetse phindu, lipite.

Mwayi unali utabwera kudzera ku kopaletivi ya alimi: wogula wina wa ku Dubai ankafuna kuona therere lawo. Selestina anachita zimene mayi aliyense kwathu kuno amachita potumiza ndiwo kutali. Analidula n'kuliyanika padzuwa mpaka kuuma gwa, monga ankachitira potumizira azakhali ake ku Lundazi. Ati lingawole panjira! Chonsecho wogulayo ankafuna laliwisi.

"Mwaona, ba mulamu?" anatero Fabiano. "Va ndeke si vanu. Tigulise cabe."

Mawuwo anamulasa mtima. Bwalo la ndege lili pafupi ndi Kasisi, koma kwa iye ndege zinali zongoopseza nkhuku.

Amene anamutsegula maso ndi Sanford, dalaivala wa lole ya kopaletivi.

"Ba Selestina, muganiza ku Dubai ni masiku angati?"

"Kapena wiki. Si kuseli kwa nyanja?"

Sanford anaseka mpaka kutsamira lole. "Makilomita yapitilila 5,000, koma ndeke iyenda maawazi seveni cabe. Basi ya ku Lundazi ikalibe kufika, ninshi katundu wanu wafika kudala."

Selestina anagwira pakamwa. Kenako naye anaseka, koyamba chimwalirireni mwamuna wake.

Sikuti zinayenda pomwepo, ayi. Katoni yachiwiri inakanidwanso, chifukwa anathyola dzuwa lili paliwombo ndipo therere linafota lisanakwere n'komwe lole. Ena anayamba kumutcha Mai Dubai momunyoza. Iye anayamba kuthyola mame asanakamuke, kusankha lanthete lokhalokha, n'kulifunditsa saka yonyowa pamthunzi podikira Sanford.

Mitambo itayamba kusonkhana, uthenga unabwera: wogula wakondwa, akufuna therere mlungu uliwonse. Selestina anagwada pakati pa mizere n'kuthokoza Mulungu mokweza, misozi ili chuchuchu. Madzulo ake anapita kwa Sanford atanyamula tambala.

"Nipasa imwe," anatero. "Munaniseka, koma munaniuza."

Fabiano sanatchulenso zogulitsa. Masiku ano amathandiza kukweza makatoni, ndipo dzina la Mai Dubai amalitchula mwaulemu. Selestina sanakwerepo ndege mpaka lero, koma ikamadutsa amaimika khasu n'kuikwezera dzanja. Dimba lidakali lake.

Nanunso chimene mukuchiyesa chakutali mwina chili pafupi kuposa ku Lundazi. Funsani odziwa, ngakhale akusekeni. Akakubwezerani katoni, kathyoleninso mawa, mtima osautaya.